Sukulu Yopanda Atsikana ya pa Chilumba cha Roke

 Komiti idandipempha kuti ndiyankhule za kuwerenga mabuku. Ndaona kuti m'malo mokulangizani ngati ana a Folomu 1, ndi bwino ndikusimbireni za sukulu ina imene simungaipeze pa mapu, sukulu imene sinkalola mtsikana kulowa pa chipata chake.

Sukuluyi ili pa chilumba chotchedwa Roke, pakati pa dziko la zilumba zambirimbiri lotchedwa Earthsea. Amene adapeka dzikoli ndi mayi wina wa ku America, Ursula K. Le Guin, amene adabadwira ku Berkeley mu 1929 namwalirira ku Portland mu 2018. Mayiwa adalemba mabuku 6 onena za dziko limeneli, loyamba mu 1968 ndipo awiri otsiriza mu 2001. Ndi nthano zazitali za matsenga, za mtundu uja adzukulu athu amaudziwa chifukwa cha Harry Potter, ngakhale kuti sukulu ya ku Roke idatuluka m'buku zaka 29 mnyamata wa magalasi uja asanamveke. Mayi Le Guin adali munthu wophunzira kwambiri. Bambo awo, Alfred Kroeber, adali katswiri wofufuza miyambo ya mitundu ya anthu, mayi awo, Theodora Kroeber, adali mlembi wodziwika, ndipo iwo eni adaphunzira pa Radcliffe College ndi pa yunivesite ya Columbia. Tsono zidatheka bwanji kuti mkazi wotere, ali ndi ufulu woumba dziko lonse ndi cholembera chake, kuyambira mapiri mpaka chilankhulo, amange sukulu n'kusiya atsikana kunja? Nanga atazindikira adachitapo chiyani?

Ndiyambe ndi mawu awiri a Chingerezi ovuta kuwamasulira. M'mabukuwa mwamuna wotsiriza maphunziro a matsenga amatchedwa wizard. Ameneyu amanyamula ndodo ya ulemu ndipo mafumu amamuitana kuti awapatse nzeru. Mkazi wodziwa matsenga amatchedwa witch. Ife tikamva timathamangira mawu akuti mfiti, koma sizigwirizana, pakuti mfiti ya kwathu ikhoza kukhala mwamuna kapena mkazi, ndiponso amayi a m'mabukuwa safukula manda. Ntchito yawo ndi ya mzamba ndi sing'anga wa pamudzi: kuthandiza amayi pochira, kupoletsa zilonda, kuchiza mbuzi, kupeza chotayika ndi kusamala maliro. Choncho mwamunayo ndizimutchula katswiri wa matsenga, ndipo mkaziyo mayi wa mankhwala.

Matsenga a ku Earthsea ali ndi lamulo lake. Chinthu chilichonse, kaya ndi mwala, mphepo, mbalame kapena munthu, chili ndi dzina lake lenileni m'chilankhulo chakale chimene zinjoka zamapiko zolavula moto zimalankhula. Wodziwa dzina lenileni la chinthu ali ndi mphamvu pa chinthucho. Ndiye kuti mbali yaikulu ya matsengawa ndi maphunziro basi, kuloweza mayina zikwizikwi monga tinkalowezera mitsinje m'phunziro la jogalafe. Amene apita ku Roke amaphunzira mayinawo bwinobwino pamodzi ndi malire a ntchito yake. Amene sapita amangotola nyenyeswa.

Buku loyamba, A Wizard of Earthsea, limasimba za mnyamata woweta mbuzi wa pa chilumba cha Gont, dzina lake Ged. Mayi ake adamwalira iye ali khanda. Woyamba kuona mphatso yake adali mayi wa mankhwala wa m'mudzimo, wa bere limodzi ndi malemu mayi ake, amene kwathu kuno tikadangoti ndi mayi ake omwe. Mayiyu ndiye adam'phunzitsa mawu oyamba, mpaka mwanayo ankaitana mphamba kuchokera m'mwamba n'kudzatera pa dzanja lake. Koma bukulo silim'thokoza mayiyu. Limamuonetsa ngati mbuli yogwiritsa ntchito zinthu zimene sizimvetsa, ndipo limatiuza kuti ku Gont kuli miyambi yonena kuti matsenga a mkazi ndi ofooka ndiponso ndi oipa. Wosimba nkhani amangoitchula miyambiyo osaitsutsa. Ifenso tili nawo wathu uja wakuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Koma taonani mmene chinyengo chake chimayendera: mum'mana mtsikana sukulu, ndipo mawa mum'seka kuti sadziwa kuwerenga.

Akazi ena a m'bukuli ndi owerengeka. Pali Serret, amene kawiri konse amam'kopa Ged kuti achite zinthu zoopsa. Pali Yarrow, mtsikana wa zaka 14, wanzeru ndi wa nsangala, koma timakumana naye akusamala nyumba ya mlongo wake ndi kukonza kamba wa paulendo. Ku Roke kweniko aphunzitsi 9 onse ndi mkulu wawo ndi amuna, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe ali pabanja.

Buku lachiwiri, The Tombs of Atuan, la mu 1971, poyamba limaoneka ngati likukonza zinthu, chifukwa nkhani yonse timaionera m'maso mwa mtsikana. Tenar adachotsedwa kwa makolo ake ali ndi zaka 5, ati chifukwa mzimu wa wansembe wamkulu wakale udabadwanso mwa iye. Adam'landa dzina lake nam'patsa lina, Arha, kutanthauza wodyedwa. Adakulira m'chipululu pakati pa ansembe aakazi, akutumikira mizimu ya mdima yopanda mayina, ndipo ufumu wake udali njira zokhotakhota za pansi pa nthaka pamodzi ndi phanga limene nyale siiloledwamo. Mbali imeneyi idalembedwa mwaluso zedi. Mtsikanayu timamuona akunyada ndi udindo wake, akulamula kuti akaidi atatu afe ndi njala ndi ludzu, kenaka akulota maloto oipa usiku ndi usiku. Ged atalowa mobisa kudzafuna theka la chibangili chakale chotayika, Tenar ndiye adam'tsekera m'njirazo, ndipo moyo wa katswiri wotchukayo udali m'manja mwa mtsikana.

Komabe tayang'anani bwino. Malo okhawo amene akazi amalamulira m'mabuku atatu oyambawa ndi malo a mdima, a nsanje ndi a imfa. Nyale imabwera ndi mwamuna. Ngakhale dzina lake lenileni Tenar adalimvanso kuchokera pakamwa pa Ged. Zoona, awiriwa adathawa mothandizana, ndipo Ged sakadatuluka yekha. Koma atafika kunja, Ged adapitiriza maulendo ake, Tenar nakasiyidwa ku Gont m'manja mwa nkhalamba Ogion, mphunzitsi wakale wa Ged. Buku lachitatu, The Farthest Shore, la mu 1972, limene lidalandira mphotho ya National Book Award, ndi ulendo wa amuna awiri m'bwato, Ged ndi mwana wa mfumu. Akazi amangoonekera patali.

Mu 1992 Mayi Le Guin adakamba za zimenezi ku Oxford, ndipo mawu awo adasindikizidwa chaka chotsatira m'kabuku kotchedwa Earthsea Revisioned. Mfundo yawo idali yakuti nthano za ngwazi zimene adakula akuwerenga zidali za amuna, ndipo luso lolemba adaliphunzira m'nthano zomwezo pamodzi ndi malamulo ake osalembedwa. Sadaname. M'buku la Tolkien la mu 1937, The Hobbit, mulibe mkazi ndi mmodzi yemwe amene amatsegula pakamwa. Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti pa nkhani ya khungu mayiwa adali maso kuyambira pachiyambi. Mu 1968, mabuku otere ali odzaza ndi ngwazi zoyera, iwo adapanga Ged wa khungu lofiirira, mnzake wapamtima Vetch wakuda, ndipo azungu a m'nthanoyo ndiwo mtundu wa akuba obwera ndi zombo kudzaotcha midzi. Tsankho la khungu adaliona chifukwa lidali poyera. La pakati pa mwamuna ndi mkazi lidali m'madzi amene ankamwa tsiku ndi tsiku.

Padapita zaka 18. Mu 1990, ali ndi zaka 60, adatulutsa buku lachinayi, Tehanu, ndipo apa ndipo ndifuna kukhalitsa.

Mlembi wina akadatenga njira yachidule. Akadapanga mtsikana wolimba mtima, n'kumuveka mkanjo wa akatswiri, n'kumutumiza kukamenyana ndi zilombo kuposa anyamata onse. Makanema ambiri a masiku ano amatero, ndipo tikatha kuonera timapeza kuti ndi nthano ya amuna yomwe ija, angosintha nkhope. Mayi Le Guin sadatero. Adasiya dzikolo monga lidalili, ndi sukulu yake yotseka ndi miyambi yake yonyoza, nasuntha pokhala pa wosimba nkhani. Adachoka pa nsanja ya akatswiri nakakhala pa khonde la mayi wamasiye. Mayiyo ndi Tenar yemwe uja, patatha zaka ngati 25. Ogion adafuna kum'phunzitsa, koma iye adasankha kukwatiwa ndi mlimi wotchedwa Flint, nabereka ana awiri, Apple ndi Spark. Anansi ake amangomudziwa ngati mlendo woyera khungu wodziwa kupota ubweya. Mkazi amene adathandiza kubweretsa mtendere pa dziko lonse tsopano akuwerenga nkhosa.

Buku limayamba ndi chinthu chimene mabuku atatu oyamba sakadachitchula n'komwe. Mnzake wa Tenar amabwera kudzamuitana kuti akaone kamtsikana kamene kapezeka m'mbali mwa mtsinje. Anthu oyendayenda amene kamakhala nawo, abale ake enieni, adakagwirira, kukamenya, n'kukakankhira pa moto. Kadapulumuka, koma mbali imodzi ya nkhope idapsa, diso limodzi lidafa, ndipo dzanja lidakwinyika. Tenar adakatenga nakatcha Therru. Palibe mawu a matsenga amene amachotsa zipserazo, ngakhale pa tsamba lotsiriza. Zimene mwanayo adalandira ndi phala, diresi lofiira losokedwa pamanja, ndi munthu wom'gwira dzanja anthu akamatembenuza nkhope kapena kunong'ona kuti mwina adalakwa yekha. Adani a m'mabuku oyamba adali mithunzi ndi mizimu. Mdani wa m'buku ili ndi mwamuna wovala kachipewa ka chikopa amene mungakumane naye pa msewu wopita kumsika.

Nkhanza zina m'bukuli ndi zofatsa, ndipo ndi zimene amayi ambiri muno muzizindikire msanga. Ogion ali pafupi kumwalira adauza Tenar dzina lake lenileni, pakuti mwambo ndi wakuti dzinalo litchulidwe pa maliro. Akatswiri awiri atafika kudzakangana za kumene mtembo uikidwe, Tenar adawauza dzinalo. Iwo sadamve. Sikuti adatsutsa ayi, kungoti mawu ochokera kwa mayi wa kumudzi sadalowe m'makutu mwawo, mpaka adachita kubwereza mokalipa. Pambuyo pake mphunzitsi wina wa ku Roke adafika ku Gont kudzafuna mkulu watsopano wa sukulu, atalandira ulosi wotchula mkazi wa pa chilumbacho. Iye ndi anzake adamasulira kuti mkaziyo ayenera kukhala mlongo kapena mayi wa mwamuna amene akum'funa, woti angowalozera njira. Tenar atayesa kum'patsa ganizo lina, mphunzitsiyo adam'yankha mwaulemu wonse koma osamva kanthu. Amene mudakhalapo m'komiti, n'kupereka mfundo imene idangodutsa, kenaka bambo wina n'kuibwereza anthu n'kuomba m'manja, mukudziwa kuwawa kwake. A Wapampando, sindikunena komiti ino.

Pali nkhalamba ina m'bukuli, mayi wa mankhwala wotchedwa Moss, wosasamba, wa nyumba yodzaza nkhuku ndi utsi. Mayiyu ndiye amaulula chinsinsi chimene mabuku oyamba adachibisa, chakuti akatswiri a ku Roke amadzimanga ndi matsenga kuti asalakelake mkazi, poopa kuti mphamvu yawo ingachepe. Moss alinso ndi nzeru yake pa za akazi. Iye amakhulupirira kuti mphamvu ya mkazi ndi ya mizu yozama mu mdima, yosafotokozeka, yakale kuposa ya mwamuna. Mawu otere amakoma m'khutu, ndipo ndidawamvapo pa misonkhano ya amayi. Chimene ndimam'kondera Tenar n'chakuti sakhutira nawo. Iye adakulira mu mdima weniweni pansi pa nthaka ndipo amaudziwa kununkha kwake. Kuuza mkazi kuti ndi wozama kwambiri moti sukulu siyom'yenera, ndi kum'tsekera kunja komwe kuja, koma mom'sisita pamsana.

Nanga Ged? Pa mapeto a buku lachitatu adathera mphamvu zake zonse populumutsa dziko. M'buku ili amafika ku Gont atanyamulidwa ndi chinjoka Kalessin, ali wodwala, wopanda matsenga ngakhale pang'ono. Manyazi amam'gwira kotero kuti amathawa nthumwi za mfumu nakabisala kumapiri, kuweta mbuzi za eni. Munthu wa zaka zoposa 50 ayenera kuphunzira kukhala moyo umene akazi ndi ana a dziko lake akhala nawo nthawi zonse, moyo wa munthu woopa akamva mapazi kunja. Usiku wina amuna aja adazunza Therru adabwera pa nyumba ya Tenar. Mayiyo adathamanga kutseka zitseko ndi mawindo, nagwira mpeni wa nyama. Ged, amene kale ankalankhula ndi zinjoka, adam'thandiza ndi chifoloko chotolera udzu. Usiku umenewo umandiopsa kuposa nkhondo zonse za m'mabuku atatu aja.

Kenaka Spark, mwana wamwamuna wa Tenar, adabwera kuchokera ku ntchito yake ya pa zombo. Mwa lamulo la ku Gont munda ndi nyumba ndi zake, ngakhale kuti mayi ake ndiwo adaugwirira ntchito zaka zonsezo. Amakhala pansi kudikira chakudya, akatha amasiya mbale pomwepo. Tenar amazindikira kuti mwana amene adam'lera yekha samuona ngati munthu woti n'kukambirana naye, ndipo amalongedza katundu wake. Amayi amasiye amene muli muno simufuna kuti ndikumasulireni ndime imeneyi.

Bukuli lidalandira mphotho ya Nebula, koma lidagawa owerenga. Ena adati mayiwa aononga nthano yabwino poilowetsa ndale, ndiponso achititsa manyazi ngwazi yawo. Ena, makamaka akazi, adadandaula mbali inayo, kuti bwanji Tenar adakana maphunziro n'kusankha khitchini. Oyambawo ndiwayankha kuti ndale zidalimo kale. Sukulu yokana atsikana ndi ndale, kungoti sitidazione chifukwa wosimba nkhani adali m'kati mwa mpanda. Achiwiriwo ali ndi mfundo, koma aiwala chimene Tenar adapatsidwa: mawu a amuna, m'nyumba ya mwamuna, kuti akhale mkazi mmodzi yekha wololedwa mwa chisomo. Adachokera kale ku moyo wopatulidwa ndipo adafuna kukhala pakati pa anthu.

Dandaulo langa lili pena. Chakumapeto, katswiri wina wodana ndi akazi, dzina lake Aspen, amam'lodza Tenar kuti asathe kulankhula, amam'kwawitsa ngati galu, ndipo amatenga iye ndi Ged kupita nawo pa phompho kuti akawagwetse. Wowapulumutsa ndi Therru. Mwanayo amaitana Kalessin m'chilankhulo chakale chimene palibe adam'phunzitsa, chinjokacho chimafika n'kupsereza adaniwo, ndipo timamva kuti mwana wonyozekayo ndi wa mtundu wa zinjoka, dzina lake lenileni ndi Tehanu. Mtima umakhala pansi ndithu. Koma buku lonse lakhala likutiuza zoona zokhazokha za mantha a mkazi, ndiye pa tsamba lofunika kwambiri chithandizo chikuchokera kumwamba. Mayi wotsekeredwa m'nyumba ndi mwamuna wankhanza alibe chinjoka choti aitane.

Pa chikuto cha Tehanu adalembapo kuti ndi buku lotsiriza la Earthsea, koma mu 2001 adabwereranso ndi Tales from Earthsea. M'menemo muli nkhani yotchedwa The Finder, ya zaka ngati 300 Ged asanabadwe, ndipo imatembenuza zonse. Timapeza kuti sukulu ya ku Roke adaiyambitsa ndi akazi ndi amuna pamodzi, akazi ndiwo adali ambiri. Pa nthawi ya nkhondo ndi ukapolo, gulu lachinsinsi la akazi ndilo lidasunga nzeruzo ndi kuzifalitsa kuchokera pa chilumba china kupita pa china. Mmodzi wa aphunzitsi oyamba adali mkazi wotchedwa Ember. Sukulu itakhazikika n'kukhala ya ulemu, mkulu wake woyamba, Halkel, ndiye adaletsa akazi kuphunzira ndi kuphunzitsa. Onani nzeru ya mlembi apa. Sadabwerere ku buku la mu 1968 kukafufuta miyambi yonyoza ija. Adaisiya pomwepo, koma tsopano tikaiwerenga timadziwa kuti ili ndi mwini wake ndi nthawi imene idayamba, ndiponso kuti idabwera kudzaphimba kulanda.

M'buku lomwelo muli nkhani ya Dragonfly, mtsikana wamtali wa kumudzi amene dzina lake lenileni ndi Irian. Mnyamata wina wochotsedwa sukulu adam'nyengerera kuti akalowe ku Roke atadzibisa ngati mwamuna. Atafika pa chipata, mlonda adazindikira kuti ndi mkazi, komabe mlondayo, amenenso ndi mmodzi wa aphunzitsi 9 aja, adam'lowetsa. Aphunzitsi adagawikana pakati, ena akuti lamulo laswedwa, ena akufunsa kuti lamulolo lidachokera kuti. Koma nayenso Irian pa mapeto amasanduka chinjoka n'kuuluka. M'buku lotsiriza, The Other Wind, Tehanu amam'tsatira. Mpaka tsamba lomaliza sitiona mtsikana wamba, wopanda mapiko, atakhala pa benchi ya ku Roke ndi kope lake kuloweza mayina pamodzi ndi anyamata. Ine ndikadakonda tsamba limodzi lotero kuposa zinjoka ziwiri.

Chimene timaona m'buku lotsirizalo ndi chaching'ono. Mfumu ikafuna uphungu pa mavuto a dziko, amene akwera chombo kupita ku likulu la Havnor ndi Tenar ndi mwana wake. Ged amatsala pakhomo ku Gont, kuthirira ndiwo za m'dimba, kudyetsa nkhuku ndi kuyang'ana kunjira kuti mkazi wake abwera liti.

A Wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri, ndipo fungo la kukhitchini lafika kale muno.